Nsomba Yaiwisi Yodula Kuposa Ng'ombe: Madzulo Amodzi M'nyumba ya Sushi ku Tokyo

Kwa ife anthu a m'mbali mwa nyanja, nsomba si nkhani yoti wina achite kutiphunzitsa. Mwana wa ku Makanjira, ku Nkhotakota kapena ku Chipoka amadziwa kusiyanitsa utaka ndi kambuzi asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Nsomba timaiwamba, timaiyanika pathandala, timaifutsa, timaikazinga ndiponso timaiotcha pamakala. Koma pali chinthu chimodzi chimene sitichita, ndicho kuidya yaiwisi. Mutati muike chambo chosaphika pamaso pa mlendo, mbiri yanu ingafike kutsidya kwa nyanja dzuwa lisanalowe.

Komatu abale ndi alongo, ku Japan kuli nyumba zodyeramo kumene anthu olemekezeka amalembetsa mayina mwezi wathunthu tsiku lisanafike, n'kulipira ndalama zoti kwathu kuno zingadyetse banja kwa masabata angapo, pofuna kukadya tizidutswa ta nsomba yosaphika toikidwa pamwamba pa kambamu ka mpunga. Chakudyachi chimatchedwa sushi. Kodi anthu amenewa asokonezeka mutu? Nanga chimene amagula ndi ndalama zonsezo n'chiyani? Tiyeni tilowe m'nyumba imodzi yotere kuti tikaone ndi maso athu.

Chipinda cha mipando 10

Munthu akamva zoti malo odyera ndi odula, amaganiza za chinyumba chachikulu cha magetsi ambirimbiri ndi oyimba. Ku Japan si choncho. Nyumba zambiri zotchuka za sushi ndi tizipinda ting'onoting'ono, tina tili pansi pa nyumba zosanja, ndipo pakhomo pamangolendewera kansalu kolembedwa dzina la malowo.

Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi Sukiyabashi Jiro, m'dera la Ginza mumzinda wa Tokyo. Malowa ali m'chipinda chapansi, pafupi ndi siteshoni ya sitima zoyenda pansi pa nthaka, ndipo pakauntala pake pali mipando 10 yokha. Anawatsegula mu 1965 ndi bambo Jiro Ono, amene anabadwa mu 1925. Mu 2007 buku la Michelin la ku France, limene limapereka nyenyezi kwa malo odyera abwino, linawapatsa nyenyezi zitatu, ndiye mapeto a ulemu m'bukulo. Mu 2011 panatuluka filimu yonena za moyo wa bamboyu yotchedwa Jiro Dreams of Sushi, ndipo panthawiyo chakudya cha munthu mmodzi chinkayambira pa mayeni 30,000. Mu April 2014 nduna yaikulu ya Japan, Shinzo Abe, inatengera komweko mtsogoleri wa dziko la America, Barack Obama. Chakumapeto kwa 2019 a Michelin anachotsa malowa m'buku lawo. Sikuti chakudya chinali chitasukuluka ayi, koma eni ake anali atasiya kulandira munthu wamba wofuna kulembetsa yekha.

Mukalowa m'nyumba yotere simupeza matebulo ambiri. Mumapeza kauntala yaitali ya thabwa loyera, kawirikawiri la mtengo wotchedwa hinoki, losapakidwa utoto koma lokwechedwa tsiku ndi tsiku mpaka kusalala. Alendo amakhala mbali imodzi, wokonza chakudya amaima mbali inayo. Iyeyu amatchedwa itamae, kutanthauza munthu woima patsogolo pa thabwa. Palibe khitchini yobisika kumene nsomba yanu imadulidwira. Mpeni wake, zikhadabo zake ndi kansalu kake kopukutira zonse zili poyera, mkono umodzi kuchokera pamene mwakhala.

Mukangokhala pansi amakupatsani kathawulo konyowa, kofunda, koti mupukute m'manja. Amene amawadziwa malowa sadzola mafuta onunkhira kwambiri popita kumeneko, chifukwa fungo lake lingaphimbe fungo la chakudya kwa iye mwini ndi kwa amene wakhala naye pafupi.

"Ndasiya m'manja mwanu"

M'malo ambiri otere mulibe pepala losankhirapo zakudya. Mlendo amangonena mawu amodzi akuti omakase, amene tanthauzo lake ndi lakuti "ndasiya m'manja mwanu". Wokonza ndiye amasankha, potengera nsomba zimene zapezeka kumsika m'mawa wa tsikulo ndi nyengo ya chaka.

Tsono ntchito imayamba. Itamae amanyowetsa zala m'madzi osakaniza ndi viniga, amatapa kampunga ndi dzanja lamanja, kwinaku dzanja lamanzere litagwira kachidutswa ka nsomba. Amapaka pansombapo pang'ono chabe wasabi, muzu wobiriwira woperesedwa, umene kuwawa kwake sikukhala palilime ngati tsabola koma kumakwera m'mphuno n'kuzimirira msanga. Amaphatikiza mpunga ndi nsomba, amapanikiza kawiri katatu ndi zala ziwiri, amapaka msuzi wakuda pamwamba ndi kaburashi, n'kuika patsogolo panu. Kambamu kameneka ndiye nigiri. Zonsezi zimatha musanamalize kuwerenga ndime ino.

Mwambo wake ndi woti mudye pompo, kamodzi n'kamodzi, osaluma pakati. Mukachedwa ndi nkhani, mpunga umazizira ndipo nsomba imayamba kuuma. Kudya ndi manja n'kololedwa, ndipo anthu ambiri odziwa amatero m'malo mogwiritsa timitengo todyera. Apa pokha ife odya nsima sitingachite chilendo.

Timbamu timabwera kamodzikamodzi mwa ndondomeko. Kawirikawiri amayamba ndi nsomba zoyera zopanda mafuta ambiri. Kenako imabwera tuna, imene iwo amaitcha maguro, m'magawo atatu: nyama yofiira ya kumsana, ya mafuta pang'ono, ndi ya pamimba yonona kwambiri yotchedwa otoro. Pamabweranso kohada, kansomba konyezimira koviikidwa mumchere ndi viniga, kamene akatswiri amayesera luso la wokonza. Pamabwera mazira a nsomba okulungidwa m'ndere zouma za m'nyanja zotchedwa nori. Chakumapeto amapereka anago, mkunga wa m'nyanja yamchere wophikidwa mpaka kufewa, ndipo amatsekera ndi tamago, dzira lokazinga lotsekemera looneka ngati keke. Pakati pa nsomba ina ndi inzake mlendo amatafuna kachidutswa ka jinja woviika m'viniga kuti atsuke m'kamwa, ndipo pomaliza amamwa tiyi wobiriwira wopanda shuga.

Ku Sukiyabashi Jiro timbamu tonse tinkakwana pafupifupi 20, ndipo chakudya chonse chinkatha m'mphindi pafupifupi 30. M'malo ena chimatenga maola awiri. Potuluka simusiya ndalama yapadera yothokozera wogwira ntchito, chifukwa ku Japan mwambo umenewo kulibe. Mumangothokoza ndi pakamwa.

Zaka zitatu pa mpunga wokha

Mlendo amayang'ana nsomba, koma eni ntchitoyi amati theka lalikulu la sushi ndi mpunga. Mawu akuti sushi satanthauza nsomba yaiwisi. Amaloza mpunga wothira viniga, mchere ndiponso nthawi zina shuga pang'ono. Nsomba yaiwisi yodyedwa payokha ili ndi dzina lina, sashimi.

Mpunga wake ndi wa njere zazifupi, zonenepa, zogwirana zikapsa, wosiyana ndi kilombero wathu wa njere zazitali. Ukapsa amaukhuthulira m'chibeseni chathabwa, amathira viniga, n'kumausakaniza mochita ngati akuudula ndi chipande kuti njere zisaphwanyike. Pouika patsogolo pa mlendo uyenera kukhala wofunda ngati thupi la munthu. Kambamu kayenera kugwirana pokanyamula koma kumwazika kakangofika palilime. Kukapanikiza kwambiri kamasanduka phala louma, kukapanikiza pang'ono kamagwera m'manja.

N'chifukwa chake pakati pa okonza sushi pali chonena chakuti kuphika mpunga kumatenga zaka zitatu ndipo kuumba kumatenga zaka 8. Mnyamata wofuna ntchitoyi amayamba ndi kutsuka mbale, kukolopa ndi kufinya timathawulo totentha. Pamapita nthawi yaitali asanaloledwe kugwira mpeni. Mufilimu ija, wophunzira wina dzina lake Daisuke Nakazawa anafotokoza kuti anakazinga dzira lija maulendo oposa 200, mphunzitsi wake akulikana, ndipo tsiku limene linavomerezedwa iye analira misozi. Pambuyo pake anakatsegula malo ake ku New York. Akuluakulu athu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpeni umene amadulira nsomba umatchedwa yanagiba. Ndi wautali, wonoledwa mbali imodzi yokha, ndipo amaunola pamwala tsiku lililonse. Podula sachita kucheka uku ndi uku ngati macheka. Amakoka kamodzi kokha kuchokera kutsinde la mpeni mpaka kunsonga, kuti mnofu usatekedzeke.

Chiyambi chake n'cha anthu wamba

Chodabwitsa n'chakuti chakudya cha anthu olemerachi chinayamba ngati njira yosungira nsomba, monga mmene ife timawambira ndi kuyanika. Kale kwambiri, m'madera olima mpunga a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, anthu ankathira nsomba mchere n'kuikwirira mumpunga wophika m'mitsuko. Mpunga ukasasa, kuwawasa kwake kunkateteza nsomba kuti isaole kwa miyezi yambiri. Podya ankataya mpungawo n'kudya nsomba yokha. Njirayi inafika ku Japan, ndipo imatchulidwa kale m'malamulo a dzikolo a m'chaka cha 718, pamndandanda wa zinthu zoperekera msonkho.

Mpaka lero anthu okhala m'mbali mwa nyanja ya Biwa, imene ndi nyanja yaikulu ya madzi opanda mchere ku Japan, amakonzabe sushi wakaleyu ndipo amamutcha funazushi. Amagwira nsomba yotchedwa nigorobuna ili ndi mazira, amaisunga mumchere kwa miyezi ingapo, kenako amaisanja ndi mpunga m'migolo n'kutsindikiza ndi mwala kwa miyezi ina yambiri, mwinanso zaka. Fungo lake ndi lamphamvu moti ngakhale Ajapani ena salipirira.

M'kupita kwa zaka anthu anatopa ndi kudikira. Anayamba kudya nsombayo isanasasitse, pamodzi ndi mpunga wake. Kenako anatulukira zongothira viniga mumpunga kuti kuwawasa kubwere tsiku lomwelo. Mu 1804, m'tauni ya Handa, munthu wina dzina lake Nakano Matazaemon anayamba bizinesi ya viniga wopangidwa kuchokera ku masese a mowa wa mpunga. Viniga ameneyu, wooneka mofiirira, anali wotchipa ndipo anagulidwa kwambiri mumzinda wa Edo, umene mu 1868 unasinthidwa dzina kukhala Tokyo.

Ku Edo komweko, m'zaka za m'ma 1820, ndi kumene kambamu koumba ndi manja kanatchukira, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Hanaya Yohei. Chinali chakudya cha m'misewu, chogulitsidwa pa timatebulo ta m'mbali mwa njira kwa amisiri ndi onyamula katundu, amene ankadya chiimire n'kubwerera kuntchito. Timbamu take tinali tikulutikulu kuposa ta masiku ano. Popeza kunalibe firiji, nsomba zambiri sizinkaperekedwa zaziwisi kwenikweni. Zina ankaziviika mumsuzi wa soya, zina mumchere ndi viniga, zina ankaziphika. Nyumba zodula za lero zimanyadirabe njira zomwezo.

Chivomerezi chachikulu cha mu 1923 chitagwetsa Tokyo, okonza sushi ambiri anabalalikira m'mizinda ina n'kufalitsa luso lawo dziko lonse. Mu 1958 bambo Yoshiaki Shiraishi anatsegula m'dera la Osaka malo oyamba kumene timbale ta sushi timayenda palamba wozungulira, wodya n'kumangotola kamene wakakonda. Malo otere ndi otchipa ndipo ndi kumene mabanja ambiri a ku Japan amapita ndi ana awo. Tisaganize kuti Mjapani aliyense amadya ku Ginza.

Ulendo wa nsomba usanafike pathabwa

Tsopano tifike pa funso lija: nanga ndalama zonsezo zimagula chiyani? Yankho lake lili kunyanja, osati m'chipinda chodyera.

Msodzi wa ku Japan wofuna mtengo wabwino saisiya nsomba kuti iphiriphithe m'bwato mpaka kufa yokha. Akangoivuula amaibaya muubongo ndi chitsulo chosongoka kuti ife nthawi yomweyo. Kenako amadula mitsempha ya m'makha ndi ya kumchira kuti magazi atuluke, ndipo ena amalowetsa kawaya m'fupa la msana kuti minofu isagwedezekenso. Akatero amaiika m'madzi a ayezi. Njirayi imatchedwa ikejime. Nsomba yofa movutika imatha mphamvu za m'minofu, mnofu wake umafewa msanga, ndipo magazi otsalira ndi amene amabweretsa fungo loipa. Nsomba yophedwa mwachangu ndi kukhetsedwa magazi imakhala masiku ambiri isanawonongeke, moti okonza sushi ena amaisunga dala pozizira kwa masiku angapo kuti kukoma kwake kukhwime.

Kuchokera kugombe nsomba imapita kumsika. Kuyambira mu 1935 msika waukulu wa nsomba ku Tokyo unali Tsukiji, ndipo mu October 2018 unasamukira ku Toyosu. Kumeneko malonda a tuna amayamba kusanache. Nsomba zikuluzikulu zimandandalikidwa pansi, iliyonse itadulidwa kumchira, ndipo ogula amayenda ndi matochi, kuunika mtundu wa mnofu ndi kuufikisa pakati pa zala kuti adziwe kuchuluka kwa mafuta. Wokonza sushi wotchuka amakhala ndi wogulitsa wake wa tuna, wina wa mkunga, wina wa mpunga, ndipo ubale wawo umatha zaka makumi angapo. Wogulitsa akapanda kupeza nsomba yabwino amanena poyera, ndipo tsiku limenelo nsombayo siiperekedwa.

Choncho kambamu kamodzi kali ndi manja ambiri mkati mwake: a msodzi, a wonyamula ayezi, a wogulitsa, a wophika mpunga ndi a wodula. Mmodzi yekha akachita ulesi, mlendo adziwa, chifukwa palibe moto, tomato kapena anyezi woti abise cholakwacho.

Nsomba imene mphaka ankaidumpha

M'masiku a Hanaya Yohei tuna inkaonedwa ngati nsomba yapansi. Nyama yake ya pamimba, yonona ija, inkawonongeka msanga moti inkatayidwa, ndipo anthu ankainyoza kuti ngakhale mphaka amangoidumpha. Zinthu zinasintha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene mafiriji anafala ndipo Ajapani anazolowera zakudya zamafuta. Zombo zinayamba kuumitsa tuna pa madigiri 60 kutsika pansi pa ziro. Mu 1972 ndege za kampani ya Japan Airlines zinayamba kunyamula tuna kuchokera ku Canada kupita kumsika wa Tsukiji. Nsomba yotayidwa ija inasanduka golide wa m'madzi.

Pamalonda oyamba a chaka cha 2019 ku Toyosu, bambo Kiyoshi Kimura, mwini wa malo odyera otchedwa Sushizanmai, anagula tuna imodzi yolemera makilogalamu 278 pa mayeni 333.6 miliyoni, imene inali pafupifupi madola 3 miliyoni a ku America. Nsombayo inagwidwa ku Oma, kumpoto kwa chilumba chachikulu cha Japan, kumene asodzi ambiri amawedza tuna imodziimodzi ndi chingwe. Mtengo wotere si wa tsiku lililonse. Ndi wa tsiku loyamba la chaka, pamene ogula amapikisana pofuna kutchuka. Komabe ukusonyeza kumene mtima wa anthu wafika pa nsomba imeneyi.

Pusi uja anati ichi chakoma, ichi chakoma, mapeto ake anagwa chagada. Mtengo utakwera, zombo za mayiko ambiri zinathamangira tuna, ndipo zinkakokolola ngakhale zazing'ono zimene zinali zisanaswane. Akatswiri owerengera nsomba anapeza kuti pofika cha m'ma 2010, tuna zoswana za mtundu wa bluefin m'nyanja ya Pacific zinatsala pafupifupi ziwiri pa 100 zilizonse poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda usodzi. Mayiko anachita mantha, ndipo kuyambira mu 2015 anagwirizana zochepetsa ndi theka kugwira tuna zosakwana makilogalamu 30. Asodzi anadandaula, ena anataya phindu, koma lamulo linagwira ntchito. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2024 anasonyeza kuti pofika mu 2022 chiwerengero chija chinali chitakwera kufika pa 23 pa 100 zilizonse.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Amene anali akuluakulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akukumbukira mmene chambo chinasowera m'nyanja ya Malombe, makoka a maso ang'onoang'ono atasesa ana a nsomba ndi kuwononga malo oswanirana. Tikudziwanso za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mafumu akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kwa zaka zambiri, ndipo akatsegula asodzi amapeza utaka wokhwima. Nyanja ya Pacific ndi yaikulu kopanda muyeso poyerekeza ndi yathu, koma nayonso inatsala pang'ono kutha nsomba imodzi, ndipo mankhwala ake anali omwewo: kusiya yaing'ono kuti ikule.

Safunsa anadya phula

Masiku ano abale athu akuyenda, ena pa maphunziro, ena pa ntchito, ndipo malo a sushi amapezeka ku Johannesburg, ku Cape Town, ku London ndi ku Dubai. Kodi Msilamu akaitanidwa kumalo otere achite bwanji?

Za nsomba yokhayo palibe vuto. Qur'an, mu Surat al-Ma'idah ndime 96, imatiloleza zogwidwa m'nyanja ndi chakudya chake, ndipo nsomba sifunika kuzinga. Ma ulama a madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, amaloleza zamoyo zokhala m'madzi okhaokha, pamene a madhhab a Imam Abu Hanifa amaloleza nsomba zokha. Wotsata madhhab amenewa adziwe kuti pathabwa la sushi pamabweranso zinthu zimene si nsomba, monga zamoyo za m'zigoba ndi octopus, chamoyo chofewa cha miyendo 8.

Chofunika kusamala nacho chabisala mumsuzi. Pophika, Ajapani amagwiritsa ntchito kwambiri sake, umene ndi mowa wa mpunga, ndi mirin, vinyo wa mpunga wotsekemera amene mphamvu yake ya mowa ili pafupifupi 14 pa 100. Msuzi wakuda uja wopakidwa ndi kaburashi kawirikawiri umakhala wa soya wowiritsidwa pamodzi ndi ziwirizi. Msuzi wotsekemera wa pamkunga nawonso umatero, ndipo dzira lomalizira lija nthawi zambiri limathiridwa mirin. Wokonza akhoza kukuuzani kuti mowawo unauluka pamoto, koma ma ulama ambiri salola chakudya chothiridwa dala chakumwa choledzeretsa. Za viniga nkhani yake ndi ina, pakuti choledzeretsa chikasanduka chokha kukhala viniga chimayera. Pa viniga wofiirira wa masese uja ndi pa msuzi wa soya, umene popangidwa umatulutsa kamowa kochepa mwachilengedwe, mabungwe opereka ziphaso za halal ali ndi miyeso yawo, ndipo ndi bwino kufunsa kwa sheikh wodziwa. Allah ndiye wodziwa koposa.

Njira yabwino ndi kunena zonse polembetsa dzina, osati mutakhala kale pampando. Nyumba zimenezi zimakonza misuzi yawo m'mawa, ndipo wokonza akauzidwa nthawi ilipo akhoza kukupatsani nsomba yothira mchere ndi madzi a mandimu, imene ndi njira yodziwika kale pakati pawo. Ku Japan kuli Asilamu ndi mizikiti, monga wa ku Kobe womangidwa mu 1935 ndi Tokyo Camii umene unamangidwanso mu 2000, ndipo m'mizinda ikuluikulu mukupezeka malo odyera ndi msuzi wa soya zokhala ndi chiphaso cha halal. Kumbukiraninso kuti m'malo ambiri otere anthu amamwa sake pakauntala pomwepo. Wokaika aike dini yake patsogolo, pakuti palibe kambamu kokoma kuposa mtima wokhazikika.

Musayese ndi chambo

Mwina wachinyamata wina akuwerenga nkhaniyi n'kumaganiza zokayesa ndi chambo kapena kampango. Chonde musatero. Ngakhale ku Japan komweko, nsomba za m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere sizidyedwa zaziwisi wambawamba, chifukwa zimatha kukhala ndi nyongolotsi ndi tizilombo tolowa m'thupi la munthu. Ku Singapore mu 2015 anthu ambiri anadwala kwambiri atadya nsomba zaziwisi za m'madzi opanda mchere, ndipo boma linaletsa kugulitsa chakudya chotero.

Nsomba za m'nyanja yamchere nazo zili ndi kanyongolotsi koyera kotchedwa anisakis, kamene kamaboola khoma la chifu n'kubweretsa ululu woopsa. Viniga, mchere ndi wasabi sizikapha. Chimene chimakapha ndi moto, kapena kuumitsa nsomba pa madigiri 20 kutsika pansi pa ziro kwa maola osachepera 24, kuzizira kumene mafiriji ambiri a m'nyumba safikapo. N'chifukwa chake nsomba ya salmon kale sinkadyedwa yaiwisi ku Japan. Inalowa m'sushi pamene dziko la Norway, kuyambira m'zaka za m'ma 1980, linayamba kugulitsa kumeneko salmon yoweta yodya zakudya zopanda kanyongolotsika. Amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi odwala amalangizidwa kupewa nsomba yaiwisi kulikonse. Phukusi la moyo umasunga wekha.

Zimene tingabwere nazo kugombe

Ambiri a ife sitidzakhala pa umodzi wa mipando 10 ija, ndipo palibe chimene tataya. Chambo chootcha pamakala ndi nsima yotentha sizichepa pamaso pa chakudya chilichonse. Koma taona kuti mtengo wa nsomba ya ku Ginza umayambira m'bwato, pa mphindi imene nsomba yatuluka m'madzi.

Tiganizire za nsomba yathu. Imagona pansi pa bwato m'madzi akuda, dzuwa likuiwomba kuyambira m'mawa. Ikafika kugombe imakhuthulidwa pamchenga. Imatumbulidwa ndi mpeni umene sunatsukidwe chichokereni dzulo, ndipo pofika kumsika wa ku Limbe kapena ku Lilongwe theka la mtengo wake latha, wogula n'kumatsina mphuno. Kupha nsomba msanga, kuikhetsa magazi, kuiphimba ku dzuwa, kuiika pa ayezi pamene alipo, kuisanja pathandala loyera ndi kubwezera m'madzi yaing'ono sizifuna mayeni mamiliyoni. Zimafuna munthu woilemekeza nsomba ngati rizki limene wapatsidwa.

Mawa m'bandakucha, ngalawa zikamakocheza ndipo amayi akamatsika ndi mabeseni, tayang'anani pamene nsomba yoyamba iikidwe: pamchenga kapena pamalo oyera.